Ndege Zazing'ono, Mitambo ndi Khutu la Munthu

Omvera wailesi amene adakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 safunika kuuzidwa kuti Jim Reeves adali yani. Mawu ake odekha aja ankamveka m'nyumba zambiri za m'Malawi, m'Zambia ndi m'maiko ena a mu Africa, makamaka Lamulungu m'mawa ndi nyengo ya Khirisimasi. Mu 1962 adafika ku South Africa kudzaimba, ndipo chaka chotsatira adabweranso kudzajambulitsa kanema wotchedwa Kimberley Jim. Nyimbo zake zikumvekabe mpaka lero, koma ndi ochepa amene amadziwa bwino m'mene imfa yake idachitikira.

Pa 31 July 1964, Lachisanu madzulo, Reeves adali kubwerera ku Nashville kuchokera ku Batesville, m'chigawo cha Arkansas, ku America. Ndege idali yaing'ono, ya injini imodzi, ya mtundu wa Beechcraft Debonair, ndipo woyendetsa adali Reeves yemweyo. Pambali pake padakhala Dean Manuel, woimba piyano m'gulu lake. Atatsala pang'ono kufika pa bwalo la ndege, adakumana ndi chimvula chamabingu cha ku Brentwood, kummwera kwa mzindawo. Ndege idalowa m'chimvulamo, ndipo pasadapite nthawi idazimiririka pa makina a pabwalo oonera ndege zili m'mlengalenga. Anthu adafunafuna kwa maola 42 asadapeze zophwanyika zake m'nkhalango. Reeves adali ndi zaka 40.

Chaka cham'mbuyo mwake, pa 5 March 1963, chigawo chomwecho cha Tennessee chidali chitaona kale ngozi yofanana nayo. Woimba wina wotchuka, Patsy Cline, pamodzi ndi oimba anzake awiri, Cowboy Copas ndi Hawkshaw Hawkins, adafera pafupi ndi tauni ya Camden m'ndege ya Piper Comanche imene ankayendetsa Randy Hughes, woyang'anira ntchito za Cline. Hughes adali atauluka maola pafupifupi 160 okha chiphunzirireni. Iye ndi Reeves adali ndi ziphaso zovomerezeka, koma onse awiri adalibe chiphaso chachiwiri chija chololeza munthu kuyendetsa ndege m'kati mwa mitambo. Pa ngozi ziwirizi ofufuza sadaloze chala injini kapena mapiko. Ndege zidagwa chifukwa oziyendetsa adasokonezeka, osadziwanso kuti kumwamba n'kuti, pansi n'kuti.

Munthu amene sadakwerepo ndege angadabwe ndi mawu amenewa. Kodi munthu wamkulu, wanzeru zake, wosaledzera, angalephere bwanji kudziwa kumene kuli pansi? Ngakhale khanda lili kumsana limadzidzimuka amake akapendekeka. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'thupi la munthu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Pali njira ziwiri zoyendetsera ndege. Yoyamba, imene aliyense amayambira, ndi yodalira maso. Woyendetsa amayang'ana kunja, makamaka mzere uja wa kutali kumene thambo limaoneka ngati lagundana ndi dziko. Mzere umenewu ndiye mlangizi wake wamkulu. Ukapendekeka pa galasi la kutsogolo, amadziwa kuti phiko limodzi latsika. Ukakwera m'mwamba mwa galasilo, amadziwa kuti mphuno ya ndege yaloza pansi. Sachita kuganizira, manja amangokonza okha monga amachitira munthu wozolowera kupalasa njinga. Njira yachiwiri ndi yodalira zipangizo zooneka ngati mawotchi zimene zili patsogolo pake. China chimasonyeza kutalika kumene ndege ili, china liwiro, china kumene yaloza, ndipo chachikulu pa zonse chili ndi kandege kojambulidwa pamodzi ndi kamzere koimira mzere wa thambo uja. Oyendetsa ndege zikuluzikulu zimene zimatera ku Lumbadzi ndi ku Chileka amagwiritsa ntchito njira yachiwiriyi tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake amaboola mitambo okweramo ali phee, ena ali m'tulo.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaonekera pa maphunziro. Ku America malamulo amalola munthu kulandira chiphaso choyamba atauluka maola osachepera 40, ndipo mwa maola amenewa 3 okha ndiwo oyeserera kuyendetsa ndi zipangizo zokhazokha. Chiphaso chachiwiri chimafuna maola 40 a mayendetsedwe oterewa, kuwonjezapo mayeso ena olemba ndi a m'mlengalenga. Ambiri mwa anthu amene amaphunzira ndege chifukwa chongoikonda, monga amalonda, madokotala, eni minda ikuluikulu ndi oimba, amalekezera pa chiphaso choyamba. Palibe cholakwa pamenepo. Vuto limayamba tsiku limene mzere wa thambo wazimiririka iwo ali m'mwamba.

Maso akasowa chogwira, thupi limatembenukira kwa mboni ina, ndiyo khutu. Katikati mwa khutu, kupyola kachikopa kamene kamalandira mawu, muli timachubu titatu topindika ngati timphete, todzaza ndi madzi. Mutu ukatembenuka, madziwo amatsalira pang'ono ndi kukankha tiubweya tating'onoting'ono, ndipo tiubweyato timatumiza uthenga ku ubongo wonena kuti thupi likutembenuka. Kwa munthu woyenda pansi chiwalo chimenechi chimagwira ntchito bwino kwambiri. M'ndege chili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, ndege ikamapendekeka pang'onopang'ono, pansi pa madigiri pafupifupi 2 pa sekondi, madzi aja sasuntha mokwanira, tsono ubongo suuzidwa kanthu. Chachiwiri, ndege ikakhala ikukhota mosalekeza kwa masekondi pafupifupi 20, madziwo amayamba kuyendera limodzi ndi timachubu tawo, tiubweya timaima chilili, ndipo ubongo umakhulupirira kuti kukhota kwatha. Woyendetsa akati awongole mapiko pa nthawi imeneyi, madzi amakankhira mbali ina, iye n'kumva ngati wayamba kukhotera kwinako, ndipo dzanja limafuna kubwezera ndege m'kupendekeka kumene idali. Ana amalidziwa bwino bodza limeneli. Mwana akazungulirazungulira pabwalo kenaka n'kuima, amaona nyumba ndi mitengo zikuthamanga, nagwa ndi chizungulire. Iyeyo amagwera pa mchenga n'kudzuka akuseka.

Mwina wina anganene kuti kulemera kwa thupi pa mpando kuyenera kumuuza munthu kumene kuli pansi. Nayonso mboni imeneyi ndi yonama. Mnyamata akathira madzi m'chitini chomangira chingwe, n'kumachizunguza mofulumira pamwamba pa mutu wake, madzi satayika ngakhale chitini chitazondoka, pakuti kuzungulirako kumawakankhira pansi pa chitinicho. Ndege ikamakhota bwino zimachitika zomwezo. Wokwera amakankhidwira pa mpando wake mowongoka, tiyi wa m'kapu sapendekeka, ndipo thupi lonse limavomereza kuti zonse zili bwino pamene phiko limodzi laloza kunthaka.

Zotsatira zake zimayenda m'njira imodzimodzi kawirikawiri, kotero kuti oyendetsa ndege adazipatsa dzina lotanthauza kuzungulira kopita kumanda. Phiko limatsika mwakachetechete woyendetsa osamva. Ndege yopendekeka siyandama bwino m'mphepo, choncho mphuno imayamba kugwa. Liwiro limakwera, mkokomo wa mphepo umakula, ndipo muvi wa chipangizo chosonyeza kutalika umayamba kubwerera m'mbuyo. Woyendetsa akaona zimenezi amachita chimene aliyense angachite: amakoka chiwongolero kuti mphuno ikwere. Mapiko akadakhala owongoka, kukokako kukadathandiza. Koma popeza ndege yagonera mbali, kukoka kumangochepetsa bwalo limene ikuzungulira, ndipo imatsika mofulumira koposa. Akamakoka ndi mphamvu, ndiye kuti akuwonjeza moto. Ndege zina zimathyoka mapiko kapena mchira zisadafike n'komwe pansi. Chimene chikadamupulumutsa ndi chaching'ono: kuyang'ana kandege kojambulidwa kaja, kuwongola mapiko poyamba, ndipo pambuyo pake kukweza mphuno pang'onopang'ono. Komatu kuti achite zimenezi ayenera kukana zonse zimene khutu, msana ndi mtima wake zikumuuza.

Mu 1954 akatswiri a pa University of Illinois adafuna kudziwa kuti woyendetsa wodalira maso angakhalitse nthawi yotani ataphimbidwa. Adasankha oyendetsa ndege 20 amene sadaphunzirepo za zipangizo, nawakweza mmodzimmodzi m'ndege ya Beechcraft Bonanza pamodzi ndi mphunzitsi woti alanditse zinthu zikavuta. Ali m'mwamba, woyesedwayo ankatsekeredwa kuti asaone kunja. Mwa anthu 20 amenewa, 19 adalowa m'kuzungulira kuja, ndipo wotsalayo adakweza mphuno mopitirira mpaka ndege idaleka kuyandama. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapambana. Wofulumira kulephera adatha masekondi 20 okha, wolimbikira adafika masekondi 480, ndipo powerengera onse pamodzi padapezeka masekondi 178, ndiye kuti mphindi zosakwana zitatu. Kunena zoona, mayesowa adawakhwimitsa dala, pakuti zipangizo zina adaziphimba ndipo ndegeyo idali yachilendo kwa oyesedwawo. Komabe chiwerengero cha 178 chidakhazikika, ndipo aphunzitsi a ndege amachitchulabe pochenjeza ophunzira awo. Gawo lachiwiri la ntchitoyo silitchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndilo lidali cholinga chake. Anthu omwewo ataphunzitsidwa kwa maola ochepa njira yosavuta yotembenuzira ndege kuti ibwerere kumene yachokera, pafupifupi onse adatha kutuluka bwinobwino.

Mankhwala a vutoli ndi akale ndithu. Pa 24 September 1929, pa bwalo la Mitchel Field pafupi ndi New York, msilikali wa ku America, James Doolittle, adanyamuka, kuuluka ndi kuteranso ataphimbidwa ndi chinsalu, osaona kunja ngakhale pang'ono, akudalira zipangizo zokha. Chimodzi mwa izo chidali chija chosonyeza mzere wa thambo, chopangidwa ndi kampani ya Sperry. Kuyambira pamenepo zipangizozi zidafalikira mpaka m'ndege zazing'ono. Tsono ambiri mwa amene adafa m'ngozi zoterezi adafa choonadi chili patsogolo pawo, pa mtunda wosakwana mkono umodzi kuchokera pa maso awo. Kukhala ndi chipangizo n'kwina, kuchikhulupirira pamene thupi lonse likuchitsutsa n'kwinanso, ndipo chachiwirichi chimabwera ndi maola ambiri oyeserera, mphunzitsi ali pambali.

Maphunziro otheka mwatheka nawo ali ndi msampha wake. Usiku wa pa 3 February 1959 oimba atatu achinyamata, Buddy Holly, Ritchie Valens ndi J. P. Richardson, atatopa ndi basi yozizira imene inkawonongekawonongeka pa ulendo wawo woimba, adakwera ndege yaing'ono pa bwalo la Mason City, m'chigawo cha Iowa. Woyendetsa, Roger Peterson, adali ndi zaka 21 ndipo adali atauluka maola 711. Za zipangizo adali ataphunzirako, mayeso olemba adakhoza, koma chiphaso chake adali asadalandire. Kunja kudali mdima, mitambo yotsika ndi chipale chofewa chowaza, ndipo machenjezo ena a nyengo sadamufikire. Kuwonjeza apo, chipangizo chosonyeza mzere wa thambo cha m'ndege imeneyo chinkasonyeza kukwera ndi kutsika mosiyana ndi chimene iye adaphunzirira, kotero kuti ofufuza adaganiza kuti mwina ankayesa akukwera pamene akutsika. Ndege idagwa m'munda pasadathe makilomita 10 kuchokera pabwalo, ndipo onse anayi adafera pomwepo.

Nyengo yoipa kwa woyendetsa wodalira maso si mkuntho wokha wa mphezi ndi matalala. Chilichonse chobisa mzere wa thambo ndi mdani wake: nkhungu ya chiperoni imene imakuta Thyolo ndi Mulanje m'miyezi ya June ndi July, chifunga cha utsi wa moto wa m'tchire chimene chimadzaza mlengalenga mu September ndi October, ngakhalenso usiku wopanda mwezi pamwamba pa nyanja, pamene nyali za asodzi zimafanana ndi nyenyezi. Dalaivala wa lole akakumana ndi nkhungu pa msewu wa ku Dedza amatha kupatukira pambali, kuzimitsa injini ndi kudikira kuti kuyere. Ndege ilibe pambali popatukira. Woyendetsa amene akuthawa mitambo kawirikawiri amatsika kuti aziona nthaka, mitambo ikatsikanso iye n'kutsikanso, mpaka danga la pakati pa mtambo ndi phiri litatha. Amalawi sadzaiwala tsiku la 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndi kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, malemu Dr. Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Oyendetsa ndege imeneyo sadali ophunzira kumene, ndipo nkhani yake ndi ina. Koma akatswiri a ku Germany amene adafufuza adatchula kuuluka m'munsi pa nyengo yosaoneka bwino, ndipo ngati mapiri okutidwa ndi mitambo ali oopsa kwa anthu a ntchito yawo, nanji kwa munthu wa maola 100 kapena 200.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa oyendetsawa adachenjezedwa ali pansi. Randy Hughes adatera pa bwalo la Dyersburg kudzathira mafuta, ndipo woyang'anira bwalolo adamulangiza kuti agone konko chifukwa nyengo ya kutsogolo idali yoipa. Hughes adakana. Oimbawo adali atatopa, kwawo kudali pafupi, ndipo ankafuna kukagona m'nyumba zawo. Adanyamuka nthawi itangopitirira 6 koloko madzulo, ndipo pasadathe theka la ola onse adali atafa. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Woyendetsa wa kampani yaikulu ali ndi malamulo ndi mabwana omuletsa, ndipo akakana kunyamuka palibe amene angamunyoze. Woyendetsa ndege yaing'ono amaweruza yekha, ndipo kumbuyo kwake kwakhala bwana wake, mkazi wake kapena munthu wotchuka amene akuyang'ana wotchi. Kunena kuti "tigone konkuno" pamaso pa anthu otere kumafuna kulimba mtima koposa kumene kumafunika ponyamuka.

Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala, wosewera wa ku Argentina amene timu ya Cardiff City idali itangomugula kuchokera ku Nantes. Pa 21 January 2019 adakwera ndege ya Piper Malibu kuti awoloke nyanja ya pakati pa France ndi Britain usiku, akafike pa zokonzekera za timu yake yatsopano m'mawa mwake. Woyendetsa, David Ibbotson, adali atauluka zaka zambiri, koma chiphaso chake sichinkamulola kuuluka usiku kapena kunyamula anthu olipira. Ndege idagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Alderney. Lipoti la mu 2020 lidati woyendetsayo adalephera kuigwira ndege pamene ankakhota, mwina pofuna kupewa mitambo, ndiponso kuti mpweya wa poizoni wochokera ku injini uyenera kuti udamufooketsa. Munthu amene adakonza ulendowo, David Henderson, adalamulidwa mu 2021 kukakhala kundende miyezi 18. Apa zikuoneka kuti kuzolowera sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa maola kokha. Munthu angauluke maola zikwi masana dzuwa likuswa mtengo, koma n'kukhalabe mlendo usiku m'mitambo.

Ngozi imene idalembedwa mwatsatanetsatane koposa zambiri ndi ya John F. Kennedy Jr., mwana wa mtsogoleri wa dziko la America amene adaphedwa ku Dallas mu November 1963. Dziko lonse lidamudziwa ali kamwana ka zaka 3, atakweza kadzanja kuchitira sawatcha bokosi la maliro a bambo ake. Atakula adaphunzira zamalamulo, nayambitsa magazini yotchedwa George mu 1995. Chiphaso choyamba choyendetsera ndege adalandira mu April 1998, ndipo patatha chaka adagula ndege ya Piper Saratoga, ya mipando 6, yaliwiro ndi yamphamvu kuposa imene adali nayo kale. Pofika July 1999 adali atauluka maola pafupifupi 310, mwa iwo 55 usiku. Sadali munthu wosasamala za maphunziro. Maulendo ambiri ankayenda ndi mphunzitsi, mayeso olemba a chiphaso chachiwiri adali atakhoza, ndipo maphunziro a m'mlengalenga a chiphasocho adali atafika nawo pakati. Koma m'ndege yatsopanoyo, usiku, popanda mphunzitsi, adali asadakwanitse ngakhale ola limodzi.

Lachisanu pa 16 July 1999 adakonza zonyamuka pa bwalo la Essex County, m'chigawo cha New Jersey, kukatula mlamu wake Lauren Bessette pa chilumba cha Martha's Vineyard, kenaka kupitirira ndi mkazi wake Carolyn ku Hyannis, kumene kudali ukwati wa msuweni wake Rory Kennedy m'mawa mwake. Njirayo ankaidziwa, pakuti adali ataiyenda maulendo oposa 30. Cholinga chidali chonyamuka kusadade. Koma ntchito ndi kuchuluka kwa magalimoto potuluka mu New York zidawachedwetsa, ndipo pamene onse atatu adakumana pabwalo dzuwa lidali likulowa. Mwendo wake wamanzere, umene udathyoka pa akakolo masabata angapo m'mbuyomo, adali atauchotsa pulasitala dzulo lake. Mphunzitsi wina adadzipereka kuti apite naye, koma Kennedy adayankha kuti akufuna kuyenda yekha. Woyendetsa winanso pa bwalo lomwelo, amene ankafuna kupita ku chilumba chomwecho, adayang'ana chifunga chimene chidali m'mlengalenga naimika ulendo wake.

Apa pali mfundo yofunika kuimvetsa. Kennedy sadaphwanye lamulo lililonse ponyamuka. Ku America chiphaso choyamba chimaloleza kuuluka usiku, ndipo malipoti a nyengo a pa mabwalo a m'njiramo ankasonyeza kuti munthu angathe kuona makilomita angapo. Kudalibe mvula, kudalibe mkuntho. Kudali chifunga cha nyengo yotentha basi, ndi kamwezi kakang'ono kotsikira kumadzulo. Malipoti oterewa amayezedwa pansi, pamene pali nyali za m'misewu ndi za m'nyumba, ndipo sanena kanthu za chimene maso adzaona pamwamba pa nyanja yakuda.

Ndege idanyamuka nthawi ili 8:38 usiku, nikwera mpaka mamita pafupifupi 1,700. Kwa nthawi yaitali idatsata gombe la Connecticut ndi Rhode Island, kumene nyali za m'matauni zinkapereka chogwira kwa maso. Kenaka idasiya gombe n'kulunjika pa nyanja, makilomita pafupifupi 50 a madzi okhaokha. Oyendetsa ena amene adadutsa dera limenelo usiku womwewo adauza ofufuza kuti pamwamba pa madzi mzere wa thambo sunkaoneka konse. Nyanja, chifunga ndi thambo zidali chinthu chimodzi chakuda. Makina oonera ndege adasunga njira yonse imene Saratoga idayenda. Idayamba kutsika bwinobwino kulunjika ku chilumba. Itafika pa mamita pafupifupi 670 idaleka kutsika, idakhotera kumanja, nikweranso mpaka mamita pafupifupi 790. Idakhotera kumanzere, idawongoka pang'ono, kenaka idayamba kukhotera kumanja, ndipo ulendo uno sidawongokenso. Kupendekeka kudakula, liwiro lidakwera, ndipo m'masekondi otsiriza inkatsika mamita oposa 1,400 pa mphindi imodzi. Idamenya madzi cha m'ma 9:41, makilomita pafupifupi 12 kuchokera ku gombe la Martha's Vineyard. Pa nthawi yonseyi palibe mawu opempha thandizo amene adamveka pa wailesi.

Asilikali a pamadzi odziwa kumira adapeza mitembo itatuyo pa 21 July, pansi pa nyanja pakuya mamita pafupifupi 37. Kennedy adali ndi zaka 38, Carolyn 33, Lauren 34. Bungwe la boma lofufuza ngozi, National Transportation Safety Board, lidavuula zophwanyika za ndegeyo ndi kuziyeza chimodzichimodzi. Injini idali ikugwira ntchito mpaka pomenya madzi. Zipangizo sizidapezeke ndi chilema. Ndegeyo idalinso ndi makina otha kuiyendetsa okha ndi kusunga mapiko mowongoka, koma zizindikiro zidasonyeza kuti sadali oyatsa pa nthawi ya ngoziyo. Lipoti lidatuluka mu July 2000, ndipo lidati woyendetsa adalephera kuigwira ndege potsika pamwamba pa madzi usiku chifukwa chosokonezeka za kumene ali, ndi kuti chifunga ndi mdima zidathandizira.

Ku Hyannis mahema a ukwati adali ataimikidwa kale, ndipo abale amene adasonkhana kudzasangalala adakhala m'menemo akupemphera ndi kudikira uthenga. Ukwati wa Rory Kennedy udaimitsidwa, ndipo udakachitikira ku Greece pa 2 August, patatha masabata awiri ndi masiku ochepa.